Akidikoni wa Nyasa: Mpando Umene Unabadwa Dayosizi Isanabadwe

M'chaka cha 1886 pachilumba cha Likoma panali kale akidikoni, pamene bishopu panalibe, ndipo dayosizi yeniyeniyo inali isanakhazikitsidwe. Bishopu Charles Alan Smythies, amene ankayang'anira Akhristu a Anglican a m'mbali mwa nyanja, ankakhala ku Zanzibar. Kuti afike kunyanja kuno ankayenda pansi masabata ambiri kudzera ku Masasi ndi ku Newala, apo ayi ankazungulira pamadzi kudzera ku Quelimane, m'Zambezi ndi mu Shire. Munthu wokhala kutali chonchi sakanatha kumva dandaulo la mphunzitsi wa ku Chia, kukambirana ndi mfumu za malo omangapo sukulu, kapena kudziwa ngati nsalu zolipirira antchito zatsala zingati m'nkhokwe. Choncho anatenga mmodzi mwa ansembe awo odalirika, a Chauncy Maples, n'kuwapatsa udindo wa Akidikoni wa Nyasa. Dayosizi ya Nyasaland inadzabwera pambuyo, mu 1892.

Mbiri ya mpingo wa Anglican m'Malawi kawirikawiri imakambidwa potsata mayina a mabishopu: uyu anadzozedwa chaka chakuti, uyu anatula pansi udindo chaka chakuti. Mndandanda umenewo ndi woona, koma umaphimba anthu amene anasenza ntchito ya tsiku ndi tsiku. Pa zaka makumi asanu zoyambirira mabishopu ankabwera ndi kupita, ena chifukwa cha matenda, ena pa ngozi, pamene maakidikoni ankakhala dera limodzi mpaka kumera imvi, akudziwa mudzi uliwonse, mfumu iliyonse ndi mphunzitsi aliyense. Kukhalitsa kwawoko ndiko kunamanga mpingo wa kunyanja. Ndiko komwenso kunatsekereza ansembe achikuda kunja kwa mpandowu nthawi yaitali kuposa mmene zinayenera kukhalira.

Udindowu sunayambire kuno. Mizu yake ili m'buku la Machitidwe a Atumwi, mutu 6, pamene atumwi anapatula amuna asanu ndi awiri kuti aziyang'anira kagawidwe ka chakudya cha akazi amasiye. M'mipingo ya m'mizinda ya ufumu wa Aroma madikoni ndiwo ankasunga chuma ndi kusamala osauka, ndipo wamkulu wawo ankayandikana ndi bishopu kuposa wansembe wina aliyense. Lawrence Woyera wa ku Roma, amene anaphedwa mu 258, amakumbukiridwa ngati dikoni wamkulu wotereyu. Zaka zitapita mazanamazana, akidikoni anakhala wansembe wopatsidwa chigawo cha dayosizi kuti azichiyendera m'malo mwa bishopu. Ku England, m'zaka za m'ma 1100, maakidikoni anali ndi mabwalo awoawo a milandu, ankalipiritsa chindapusa, ndipo anthu ankawaopa kwambiri kuposa kuwakonda. Mpingo wa Katolika unachepetsa mphamvu zawo pa msonkhano waukulu wa ku Trent m'zaka za m'ma 1500, koma mpingo wa England unausunga udindowu, ndipo akale ankamutcha akidikoni diso la bishopu. M'buku la mapemphero la 1662, iye ndiye amaimirira pamaso pa bishopu tsiku la kudzoza, kupereka amene akulowa udikoni kapena unsembe, ndi kuchitira umboni kuti wawafufuza ndipo wawapeza oyenera.

Amishonale a Universities' Mission to Central Africa (UMCA), bungwe limene linayamba chifukwa cha pempho la David Livingstone ku Cambridge mu Disembala 1857, anabwera ndi mwambo umenewu. Mtsogoleri wawo woyamba, a Charles Frederick Mackenzie, anali akidikoni ku Natal asanadzozedwe ubishopu ku Cape Town pa 1 Januwale 1861. Anafika ku Magomero chaka chomwecho ndipo anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862, cha pamene Ruo amathira mu Shire. Amene anawalowa m'malo, Bishopu William Tozer, anasamutsira mishoni ku Zanzibar mu 1864, moti panapita zaka pafupifupi makumi awiri mpingowu usanabwerere kudera lino.

Anaubweza ndi anthu awiri amene anali mabwenzi kuyambira ali ophunzira pa University College ku Oxford, ndipo onse analowa mishoni mu 1876: a Maples aja ndi a William Percival Johnson. A Johnson ndiwo anatsogola. Mu 1880 anakakhala ku Mwembe, kwa Mfumu Mataka ya Ayao, komwe anathamangitsidwako patangopita nthawi yochepa. Mu 1882 anatsikira kunyanja limodzi ndi wansembe mnzawo, a Charles Janson, amene anamwalira atangofika kumene pagombe. A Johnson anabwerera ku England kukapempha sitima, anaipeza, koma pobwera nayo zidutswazidutswa anagwidwa ndi matenda a maso ku Quelimane mu 1884 n'kuchita khungu. Madokotala a ku England anangotha kupulumutsa pang'ono diso limodzi. Sitimayo, imene anaitcha Charles Janson, inalumikizidwa ku Matope n'kuyamba kuyenda mu 1885, chaka chomwe Bishopu Smythies analandira chilolezo kwa Mfumu Chiteji chokhazikitsa mishoni pa Likoma.

Ntchito imene a Maples anaipeza pachilumbapo sinali yofanana n'komwe ndi ya akidikoni wa ku England. Kumeneko akidikoni amayendera matchalitchi omangidwa kale ndi ansembe okhazikika kale. Kuno kunalibe choyendera. Ankayenera kuyamba ndi kudula udzu wofolera. Mishoni inamangidwa pa Chipyela, malo amene kale ankatentherapo anthu owaganizira ufiti, ndipo posakhalitsa panali sukulu, kachipatala, nyumba yosindikizira mabuku ndi ya ukalipentala. Kumtunda kutsidya, anthu ankakhala m'midzi yotchingidwa ndi malinga poopa nkhondo za Angoni a Magwangwara ndi amalonda a akapolo, ndipo akidikoni ankafunika kulankhula ndi mbali zonsezi popanda mfuti kapena boma lowaikira kumbuyo. Mu 1892 moto unapsereza nyumba zambiri za mishoni pamodzi ndi mabuku, ndipo anayambanso kumanga. Mu 1893 anayambitsa nyuzipepala ya Nyasa News, yosindikizidwa pa Likoma pomwepo ndi anyamata amene mishoni inawaphunzitsa. Bishopu woyamba wa Nyasaland, a Wilfrid Hornby, anafika chaka chomwecho, koma thanzi linawakanika ndipo anatula pansi udindo mu 1894. M'nthawi yochepa imeneyi ntchito inafika ku Unangu pakati pa Ayao, pansi pa a John Edward Hine amene anali wansembe komanso dokotala, ndi ku Nkhotakota kwa Jumbe, pansi pa a Arthur Fraser Sim.

Pofunafuna bishopu wachiwiri, mpingo sunayang'anenso kutali. Akidikoni Maples anadzozedwa mu St Paul's Cathedral ku London pa 29 Juni 1895 kukhala Bishopu wa Likoma. Sanafikenso pa Likoma. Pobwerera anakwera bwato lachitsulo lotchedwa Sherriff, ndipo usiku wa pa 2 Sepitembala 1895 namondwe analigubuduza cha kufupi ndi gombe la Salima. Iwo ndi mmishonale mnzawo, a Joseph Williams, anamira. Thupi la a Maples linapezeka patapita masiku ndipo linaikidwa ku Nkhotakota. Anakhala akidikoni zaka zisanu ndi zinayi, bishopu miyezi iwiri yokha. Chaka chimenecho chinali chowawa kwa mishoni: a George Atlay anali atangophedwa ndi Angoni mu Ogasiti, ndipo a Sim anamwalira ku Nkhotakota mu Okutobala.

Mpando unagwera a Johnson mu 1896, ndipo anakhalapo zaka 32.

Palibe munthu wina amene anaumba udindowu monga iwo. A Maples ankakhulupirira likulu lolimba pachilumba, lokhala ndi sukulu zabwino ndi ntchito zamanja. A Johnson ankaona kuti mpingo uyenera kumera m'midzi momwe anthu akukhala, wosadalira nyumba za njerwa kapena mzungu wokhala pakhomo. Nyumba yawo inali kachipinda ka m'sitima. Sitimayo inkazungulira midzi ya m'gombe la kum'mawa, ndipo pamudzi uliwonse umene mfumu yavomera ankasiyapo mphunzitsi wachikuda, poyamba ophunzitsidwa kusukulu ya Kiungani ku Zanzibar, kenako ana a kunyanja komweko. Mphunzitsiyo ndiye ankaimba belu m'mawa, kuphunzitsa ana kuwerenga, kutsogolera mapemphero ndi kukonzekeretsa anthu, kuyambira pa kalasi ya akumva, kufika polandira mtanda, mpaka ubatizo. Sitima ikaima, akidikoni ankatsikira kumtunda, kufunsa mafunso a katekisimu, kumvetsera milandu, kulipira mphunzitsi, kuchita Misa, n'kukweranso kupita pamudzi wotsatira. Unali ulendo wosatha, mwezi ndi mwezi, wa munthu amene powerenga ankachita kugunditsa pepala pankhope.

Sunali ulendo wopanda zoopsa. Mu 1888 iwo ndi a John Buchanan, amene ankagwirizira udindo wa kazembe wa Britain, anagwidwa kwa Makanjila, anavulidwa ndi kuchitidwa chipongwe, ndipo anamasulidwa atalipira dipo. Mu 1891 mayiko a ku Ulaya atagawana nyanja, chigawo cha akidikoni mmodzi chinapezeka chili pansi pa maboma atatu: Angerezi kumadzulo ndi kumwera, Apwitikizi kum'mawa, Ajeremani kumpoto chakum'mawa. Likoma ndi Chizumulu zinatsalira m'manja mwa Angerezi ngakhale zili kufupi ndi gombe la Mozambique, ndipo chifukwa chachikulu chinali mishoni yomweyi. Kugwira ntchito pansi pa Apwitikizi kunali kovuta kwambiri. Mu Novembala 1911 a Arthur Douglas, mkulu wa sukulu yophunzitsa aphunzitsi ya St Michael's ku Kobwe, anaomberedwa ndi msilikali wa Chipwitikizi, kutangotsala masiku ochepa kuti tchalitchi chachikulu cha St Peter's cha pa Likoma chipatulidwe pa 14 Novembala. Sukuluyo inasamutsidwira pa Likoma.

M'kati mwa maulendo onsewa a Johnson ankamasulira. Ndi thandizo la amishonale anzawo ndi aphunzitsi a kunyanja, anatulutsa Baibulo lathunthu m'Chinyanja cha ku Likoma mu 1912, zaka khumi Buku Lopatulika la 1922 lisanatuluke. Atakula anasamukira ku Manda, kumpoto kwa gombe la kum'mawa, nayambanso kumasulira m'zilankhulo za kumeneko. Yunivesite ya Oxford inawapatsa digiri yaulemu mu 1911. Amene anagwira nawo ntchito sanabise kuti anali munthu wovuta kukhala naye: wosafuna kupuma, wosalabadira chakudya kapena zovala, ndiponso wosagonja msanga ngakhale kwa mabishopu awo. Koma anthu a m'midzi ya m'gombe anawatenga ngati wawo. Anamwalira pa 11 Okutobala 1928 ku Liuli, m'dziko limene lero ndi Tanzania, ndipo anaikidwa komweko.

Pofika nthawi imeneyo munthu mmodzi sakanathanso kuzungulira dera lonse, ngakhale sitima yaikulu ya Chauncy Maples inali itayamba kuyenda mu 1901. Mabishopu anagawa dayosizi m'zigawo, chilichonse ndi akidikoni wake. Ku Mtonya, m'mapiri a Ayao, kunali a Christopher Eyre, amene asanalowe unsembe anali woyendetsa sitima zapanyanja yamchere. Ku Msumba kunadzakhala a Harold Cox kwa zaka zambiri. Pa Likoma panali a Arthur Glossop, amene anafika mu 1893 n'kumwalira mu 1949. Moyo wa a Glossop wokha ukuonetsa kusiyana kwa mipando iwiriyi. Anafika m'nthawi ya Bishopu Hornby, anaona imfa ya a Maples, anatumikira pansi pa a Hine, kenako a Gerard Trower amene anaika mwala wa maziko a St Peter's mu 1903, kenako a Cathrew Fisher amene anafa pa ngozi ya galimoto mu 1929, kenako a Gerald Douglas amene anamwalira mu 1934 atangokhala zaka zinayi, ndipo anatsirizira m'nthawi ya a Frank Thorne. Mabishopu asanu ndi awiri, munthu wa pa Likoma mmodzi yemweyo. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, ndipo kwa Mkhristu wa pa Chipyela mlendoyo nthawi zambiri anali bishopu.

Kukhalitsa kotere kumabala mphamvu, ndipo mphamvuzo zinali zazikulu. Pa Likoma boma linali kutsidya la nyanja, moti nkhani za malo, za maukwati ndi za mikangano ya m'mudzi zinkafikira pakhonde la mishoni. Mpingo wa masiku amenewo unali wokhwima pa chilango. Wolakwa ankaimitsidwa kulandira Ukaristia ndipo ankakhala kumbuyo kwa tchalitchi mpaka nthawi yake ya kulapa itakwana. Amuna atayamba kupita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia ndi ku migodi ya ku South Africa, ena osabwerako zaka zambiri, milandu ya mabanja inachuluka, ndipo isanafike kwa bishopu inkadutsa kaye m'manja mwa akidikoni. Iye ndiye ankanena kuti mphunzitsi uyu asamuke, uyu achotsedwe, uyu apite ku St Andrew's kukaphunzira za unsembe. Tsogolo la mnyamata wanzeru wa ku Msumba kapena wa ku Malindi linkatha kutseguka kapena kutsekeka ndi mawu a munthu mmodzi. Amishonale a UMCA sankakwatira, ankalandira kandalama kochepa chabe, ndipo ambiri anafera kuno. Kudzipereka kwawo n'kosakayikitsa. Koma munthu wodzipereka akhozanso kuzolowera kulamula mpaka kuiwala kuti amene anawaphunzitsa aja anakula kalekale.

Ansembe achikuda analipo, ndiponso anali anthu a mphamvu zawo. A Yohana Abdallah, mwana wa mfumu, anadzozedwa unsembe mu 1898 ndipo anayendetsa mishoni ya Unangu pafupifupi okha kwa zaka zoposa makumi awiri. Buku lawo la mbiri ya Ayao, Chiikala cha Wayao, linatuluka mu 1919 ndipo akatswiri a mbiri amaliwerengabe. A Leonard Kamungu a ku Chia, amene anakhala wansembe mu 1909, anachoka kwawo kukatsegula ntchito ku Msoro m'dziko la Northern Rhodesia, komwe anamwalira mu 1913. Sukulu ya zaubusa ya Anglican ku Zomba imatchedwa ndi dzina lawo. A Petro Kilekwa, amene anagwidwa ukapolo ali mwana n'kuomboledwa panyanja yamchere, anatumikira m'dayosiziyi mpaka ukalamba.

Koma nkhani imene imakhudza mtima kwambiri ndi ya a Augustine Ambali. Nawonso anaomboledwa ku ukapolo ali mnyamata, anaphunzira ku Zanzibar, ndipo anali m'gulu la aphunzitsi oyamba amene anabwera kunyanja ndi a Johnson. Anakhazikika ku Msumba, namanga mpingo umene unakula kukhala umodzi mwa mipingo ikuluikulu ya gombe lonse la kum'mawa. Anayang'anira aphunzitsi a midzi yozungulira, anakambirana ndi mafumu ndi akuluakulu a Chipwitikizi, anaweruza milandu ya Akhristu. Zonsezi ndi ntchito za akidikoni. Komabe anadikira mpaka 1898 kuti akhale dikoni, mpaka 1906 kuti akhale wansembe, ndipo ulemu waukulu umene analandira unali wa ukanoni wa tchalitchi chachikulu cha Likoma mu 1922. Ukanoni ndi mpando wolemekezeka, koma sulamula chigawo. Analemba za moyo wawo m'buku la Thirty Years in Nyasaland, ndipo anamwalira mu 1931. Cholinga chimene UMCA inkalengeza kuyambira pachiyambi chinali kumanga mpingo wa Aafirika wotsogozedwa ndi Aafirika, ndipo palibe chifukwa chomveka chimene munthu ngati a Ambali analekera kupatsidwa chigawo, kupatula chizolowezi cha nthawi ya atsamunda choona khungu poyamba. Mpaka chakumapeto kwa ulamuliro wa Angerezi mpandowu unali wa azungu.

Pamene zimenezi zinkachitika, dera limene a Johnson ankalizungulira linkang'ambika potsata malire a mayiko. Mu 1952 mbali ya ku Tanganyika inakhala dayosizi payokha, ya South West Tanganyika. Mu 1955 Nyasaland inalowa m'chigawo chachikulu cha mpingo cha Central Africa pamodzi ndi madayosizi a ku Rhodesia. Mu 1959 mbali ya ku Mozambique, ndi likulu lake ku Msumba, inaperekedwa ku dayosizi ya Lebombo. Kumeneko udindo wa akidikoni unadzakumana ndi nkhondo ya ufulu: a John Paul, amene anaugwira ku Msumba m'zaka za m'ma 1960, anapezeka ali pakati pa asilikali a Chipwitikizi ndi a Frelimo, ndipo zimene anaona anazilemba m'buku la Mozambique: Memoirs of a Revolution, lotuluka mu 1975. Dera lomwelo ndilo linadzakhala dayosizi ya Niassa. Ngakhale Likoma inasiya kukhala likulu. Sitima ya Chauncy Maples inagulitsidwa ku boma mu 1953, ofesi ya bishopu inasamukira kwa Mponda, kenako ku Malosa, kufupi ndi misewu ndi boma la ku Zomba.

Khomo linatseguka pamene mphepo ya ufulu inali itawomba kale. Bishopu Donald Arden, amene anadzozedwa mu 1961, anafika ndi changu choika Amalawi pa maudindo, ndipo mwa oyamba kukhala maakidikoni munali a Habil Chipembere. Dzina limeneli lokha likuonetsa mmene mpandowu unasinthira. A Chipembere anali mphunzitsi wa mishoni asanalowe unsembe, ndipo mwana wawo, Henry Masauko Chipembere, anabadwira ku Kayoyo ku Ntchisi mu 1930 bambo ake akutumikira kumeneko. Pa chisankho cha mu Ogasiti 1961 Masauko anali m'ndende, choncho bambo ake ndiwo anaimira Fort Johnston n'kulowa m'nyumba ya malamulo, kusungira mwana wawo mpando mpaka anatuluka mu 1963. Akidikoni wachizungu ankayang'ana ndale za dziko ali chapatali. Uyu zinamupeza m'nyumba mwake. Nduna zitasemphana ndi Dr Hastings Kamuzu Banda mu Sepitembala 1964, ndipo Masauko atalephera kulanda boma mu Febuluwale 1965, dera la kwawo la Malindi linalowa m'mavuto aakulu, ndipo mkulu wa mpingoyu anakakhala moyo wothawa kwawo ku Tanzania.

Njira ya a Josiah Mtekateka inali ina. Anabadwira pa Likoma mu 1903, anakula m'nthawi ya a Glossop, anakhala mphunzitsi, kenako dikoni mu 1939 ndi wansembe mu 1943. Zaka zambiri za utumiki wawo anazithera kutsidya, ku Tanganyika, ndipo n'kumeneko, osati kwawo, kumene anapatsidwa udindo wa akidikoni, ku Njombe. Luso limene anaonetsa pamenepo ndilo linachititsa kuti aitanidwe kubwerera kumudzi. Mu Meyi 1965 anadzozedwa mu St Peter's pa Likoma kukhala bishopu wothandiza, Mmalawi woyamba kuvala chisoti cha ubishopu mu mpingo wa Anglican, ndipo dayosizi itagawidwa pawiri mu 1971 anakhala bishopu woyamba wa Lake Malawi. Kuchokera pa a Maples kufika pa a Mtekateka panadutsa zaka 70, ndipo onse awiri anakwera kuchokera pa mpando womwewo.

Lero m'Malawi muli madayosizi anayi: Lake Malawi ndi Southern Malawi a 1971, Northern Malawi ya 1995 ndi Upper Shire ya 2002. Iliyonse inagawidwa m'zigawo za maakidikoni, ndipo zigawozo ndi zazing'ono kwambiri poyerekeza ndi nyanja yonse imene a Johnson ankayendera. Akidikoni amasankhidwa ndi bishopu, amene akhozanso kumusamutsa kapena kuika wina, ndipo m'makalata dzina lake limatsogozedwa ndi mawu aulemu oti Venerable. Nthawi zambiri amakhalanso ndi parishi yakeyake, choncho Lamlungu amachita Misa ngati wansembe wina aliyense, m'kati mwa sabata n'kumayendera anzake. Amaona ngati denga la tchalitchi likudontha, ngati nyumba ya wansembe ili yokhalika, ngati malo a mpingo ali ndi mapepala ake, ngati mabuku a ndalama akugwirizana ndi zimene msungichuma akunena, ngati parishi yatumiza gawo lake ku dayosizi. Amalonga wansembe watsopano pa parishi, amatsogolera msonkhano wa chigawo, ndipo akhristu akasemphana ndi wansembe wawo, galimoto kapena njinga yamoto yoyamba kufika ndi yake.

Kuvuta kwa udindowu kuli poti akidikoni ndi wansembe pakati pa ansembe anzake, ena anaphunzira nawo kalasi imodzi, koma ndiye amene amakanena kwa bishopu zimene waona. Akakometsa lipoti wapusitsa bishopu, akanena zonse wadana ndi mnzake. Ndipo bishopu akasowa, katundu amachuluka. Bishopu Peter Nyanja atamwalira mu 2005, wansembe wa ku London amene anasankhidwa kuti awalowe m'malo sanavomerezedwe ndi bwalo la mabishopu a Central Africa, ndipo dayosizi ya Lake Malawi inakhala pa mkangano, yopanda bishopu wakewake, mpaka a Francis Kaulanda anadzozedwa mu 2010. Pa zaka zisanu zimenezo kudzoza ndi kulimbitsa kunkadikira bishopu wobwera, koma malipiro a ansembe, sukulu, zipatala ndi madandaulo a maparishi sizikanadikira, ndipo zinali pamapewa a ansembe akuluakulu a dayosiziyo.

Chodandaulitsa n'chakuti mbiri ya mpandowu inalembedwa mbali imodzi. Moyo wa a Maples unalembedwa ndi mlongo wawo, Ellen, patangopita zaka ziwiri atamira. Wa a Johnson unalembedwa ndi a Bertram Barnes mu 1933. Makalata ndi malipoti a amishonale a UMCA, bungwe limene linaphatikizana ndi bungwe lina la amishonale la SPG mu 1965 kupanga USPG, akusungidwa bwino ku Oxford. Akatswiri a mbiri a kuno, monga Bishopu James Tengatenga ndi a Henry Mbaya, ayesetsa kufukula mbali ya ansembe achikuda, koma maakidikoni Achimalawi amene anayendetsa zigawo za Nkhotakota, Ntchisi, Mangochi ndi Blantyre m'zaka za chipani chimodzi akudziwika makamaka m'makumbukiro a okalamba, ndipo okalambawo akutha. Zimene anachita zili m'mabuku a ubatizo ndi a maukwati, m'mabuku a misonkhano ndi m'makalata osungidwa m'makabati a maparishi, momwe chiswe ndi chinyontho sizichedwa kufika. Kuona ngati mabuku amenewa alipo, ngati akulembedwa bwino ndiponso ngati ali pamalo ouma ndi imodzi mwa ntchito zimene mpingo unapatsa akidikoni yemweyo akamayendera parishi.